Kumanzere kwa Amayi

Amayi anga ntchito yawo inali yotsina nkhuku. Ndikanena choncho anthu amaseka, ena mpaka kundifunsa ngati nkhukuzo zinkabwezera, koma ine nkhani imeneyi sinandiseketsepo. Pa famu imene ankagwira sankaweta nkhuku zoti inu mukagule pamsika. Ankaweta makolo ake, atambala ndi misoti yobereka nkhuku za nyama, zoyera zokula msanga zija. Ogula anali atayamba kudandaula kuti nkhuku ukaitumbula umangopeza mafuta okhaokha m'mimba, ndiye eni famu ankafuna mtundu wa mnofu wambiri koma wa mafuta ochepa. Wosankha kuti iyi ibereke, iyi ipite kumpeni, anali amayi. Anzawo anawapatsa dzina loti Anazala, ndipo linawakakamira moti ana a aneba ankayesa ndi dzina lawo lenileni.

Ankanyamula nkhuku n'kuipanira m'khwapa, mutu utaloza kumbuyo. Kenako chala chachikulu ndi chamkombaphala zinkatsikira pamimba, pamene fupa la pachifuwa lathera, n'kutsina khungu pang'onopang'ono ngati munthu wofuna kumva kukhuthala kwa nsalu. Maso ankayang'ana kwina, pakhoma kapena kudenga, chifukwa ankati maso amanamiza. Pakakhala popyapyala, nkhuku inkatsitsidwa kumanja, kubwerera mwa zinzake. Pakakhala pokhuthala, inkapita kumanzere, kumene kunali makireti opita kophera. Kuyambira m'mawa mpaka belu lowerukira zinali zomwezo.

Koma zala zinali chiyambi chabe. Chiweruzo chenicheni chinkachokera kwa akufa. Nkhuku iliyonse inali ndi kachitsulo ka nambala paphiko, kosonyeza tambala ndi thadzi zimene zinaibereka. Pa banja lililonse ankatengapo abale angapo, kuwapha, kuwatumbula, n'kukokolola mafuta achikasu a m'mimba aja ndi ozungulira nthutumba, kuwaika pa kasikelo. Mafutawo akalemera, abale onse otsala amoyo ankachotsedwa m'khola loberekera, ngakhale amene zala zinali zitawaika kumanja. Dokotala wa nkhuku wa pafamupo, bambo wodekha wa magalasi, ankati mafuta amayenda mumtundu. Nkhuku ziwiri zitha kudyera m'chiwiya chimodzi, ina n'kusunga mafuta ina ayi. Ndipo popeza sungatumbule nkhuku n'kuisokanso kuti ikaikire mazira, umafunsa m'bale wake. Amayi anazifupikitsa mwa iwo okha: "Zala zimangoganiza. Wonena zoona ndi m'bale wakufa." Mawu amenewa ankawanena akutsuka mbale, mmene anthu ena amaimbira nyimbo.

Vuto linali lakuti manja aja sankaweruka. Belu likalira amayi ankavula ovolosi ndi jombo, kusamba, kukwera basi ya ogwira ntchito, koma manja ankafika kunyumba akadali pantchito. Tomato wabwino kumanja, wofewa kumanzere. Malaya ochapika kumanja, othimbirira kumanzere. Eni akewo sankadziwa n'komwe kuti akuchita zimenezo. Ife ana awo tinaphunzira kuwerenga manja amenewo tisanadziwe kuwerenga buku. Ukawapatsa pepala la mayeso, usamvere zimene pakamwa pakunena, uyang'ane kumene aliike.

Tinabadwa awiri, achimwene ndi ine, ndipo ndi iwo anandisiyira bere. Anali atali, owonda, nthiti zowerengeka, moti pamalo pathu ankatchedwa Nsungwi. Ine ndinabwera ndi masaya anga ndi mikono yanga, ndiye dzina loti Dzungu silinachedwe. Tili ang'onoang'ono amayi ankatisambitsira m'bafa limodzi la pulasitiki. Akamaliza ankatinyamula mmodzimmodzi, zala ziwiri zija n'kudutsa pansi pa mchombo, maso ali kudenga. Achimwene ankaimikidwa kumanja, pa thaulo. Ine kumanzere, pa simenti yozizira pafupi ndi ndowa.

Musandimve molakwa. Amayi sanandimenyepo, sanandimanepo kanthu kupatula majarini, ndipo ndikadwala ankajomba kuntchito mpaka ndichire. Koma patebulo mpando wanga unali kumanzere kwawo. M'basi ndinkakhala kumanzere. Pa chithunzi chimodzi chokha chimene tinajambulitsa atatu, ndili kumanzere. Mwana amamva zinthu zotere ngakhale palibe wamuuza. Zinkandiwawa, ndipo ndinakula ndili ndi pakamwa.

Abambo sindiwakumbuka. Anali dalaivala wa lole yonyamula chakudya cha nkhuku, owonda ngati achimwene, ndipo amayi ankanyadira kuti anawasankha okha pakati pa madalaivala onse a mimba zawo aja. Tsiku lina masana, ine ndili kumsana, anatsika m'lole kukakunga chingwe cha katundu, n'kungogwa chagada. Palibe anafufuza. Ena anati ndi dzuwa, ena anati ndi kutopa, nkhani n'kuthera pomwepo.

Ku famu ndinalowako kamodzi kokha, ndili ku sekondale, tsiku limene analola mabanja a ogwira ntchito kukaona. Anativeka zoyera ndi jombo zazikulu, n'kumatipondetsa m'madzi a mankhwala pakhomo lililonse. Makola ake alibe mawindo. Kunja dzuwa linali likuswa mtengo, koma mkati munali kuwala kwa mababu kofiirira, kosasintha, moti sukanadziwa ngati kwacha kapena kwada, ndipo kumapeto mafani akuluakulu ankangolira osapuma. M'makola oyambirira nkhuku zinkatithawa, kukupiza mapiko, fumbi koboo. Tikuyesa tamaliza, amayi anati, "Bwerani mudzaone kwa anamafuta."

Khola lomalizali linali la dokotala uja. Pofuna kumvetsa kumene mafuta amachokera, ankapatulako nkhuku zonenepetsetsa za kumanzere, osazipha, n'kumazikweretsa zokhazokha, ana ake chimodzimodzi, mibadwo ndi mibadwo. Zinachokera kwa makolo amodzi ndi za m'makola ena aja, zinkadya chakudya chomwecho, koma zinali zitasanduka zina. Titatsegula chitseko palibe inathawa. Zinali zitakhala pansi pa utuchi, mazanamazana, zoyera mbuu, kukamwa yasa, zikupuma mofulumira. Amayi atangoponda mkati, zonse zinatembenuza mitu nthawi imodzi kuwayang'ana, ndipo kaphokoso kamene kanalimo kanatha. Kunangotsala mafani. Pakati pa khola panali imodzi itagona chagada, miyendo m'mwamba, nthenga zili bwinobwino, chakudya chikadali kukamwa.

"Yatani iyo?" ndinafunsa.

"Mtima," amayi anatero. "Imangodumpha kamodzi n'kugwa chagada. M'mawa uno inali bwino."

Anaitola ndi mwendo, kuwerenga nambala ya paphiko, kenako n'kuyamba kuyang'ana m'gulu muja pang'onopang'ono, mbali ino, mbali iyo. Ankafunafuna abale ake.

Achimwene anandigunda ndi chigongono. "Dzungu, wafika kwanu. Pereka moni kwa achibale."

Ndinawaponda phazi ndi jombo, koma kuseka sindinaseke, chifukwa nkhuku zina zinali zitasiya kuyang'ana amayi n'kumayang'ana ine.

Tinakula. Achimwene anaphunzira zamagetsi, tsiku lonse ali pa makwerero, ndipo ankadya ngati akulipidwa. Mazira okazinga, tchipisi, nyama yonona, zonse zinkangolowa osaonekera paliponse. Amayi ankawaonjezera m'mbale akumwetulira. Ine zanga zinali zowiritsa, ndipo chodabwitsa n'chakuti masaya sanachoke. Ndinapeza ntchito yosoka makatani m'shopu ina m'tauni. Ku famu kunabwera makina oti akangotenga kadontho ka magazi a mwanapiye amadziwiratu chibadwa chake, ndipo amayi anapuma pantchito, atawapatsa wotchi ya pakhoma. Sanadandaule. Anati makinawo ndi abwino, abale ophedwa achepa. Wotchiyo anaikhoma kumanja kwa chitseko.

Achimwene anamwalira asanakwanitse zaka makumi atatu. Linali Loweruka m'mawa, akutsuka njinga yawo yamoto pabwalo, ine ndikuyanika zovala. Anati, "Dzungu, tandiponyera sopoyo." Anaimirira, anachita ngati akudumpha kachithaphwi, n'kugwa chagada. Mwendo umodzi unatsamira pa tayala, phazi m'mwamba. Payipi inapitiriza kuthira madzi pa simenti. Ine ndinali ndi sopo m'manja, ndipo kwa kanthawi ndinayesa ndi nthabwala zawo zija. Amayi anatuluka m'khitchini n'kuima pakhomo. Sanakuwe. Ndinaona maso awo akuchoka pa achimwene n'kuyamba kuyenda pabwalo pang'onopang'ono, mbali ino, mbali iyo, mpaka anandipeza pakati pa zovala.

Popeza achimwene anali achinyamata, kuchipatala anapempha kuti aupime mtembo. Amalume ankafuna kukana, koma amayi anavomera funso lisanathe n'komwe. Dokotala, mayi wachichepere wa mawu ofatsa, anatiitanira m'kachipinda kake n'kutiuza kuti mitsempha ya mtima inali itatsekeka ndi mafuta a m'magazi. Anati pali mabanja ena amene amabadwa nazo, kuwonda kapena kunenepa sikuthandiza kudziwa. Anafunsa za imfa ya abambo, ndipo titamuuza anangogwedeza mutu.

"Anali achikasu?" amayi anafunsa.

Dokotala anadabwa pang'ono. "Inde, mayi, amaoneka achikasu."

"Munawaika pa sikelo?"

"Ayi, ife sitiyeza choncho."

Atamva ntchito imene amayi ankagwira, anakokera mpando pafupi n'kuwafotokozera bwinobwino kuti mafuta a m'mimba mwa nkhuku ndi ena, a m'mitsempha ya munthu ndi ena, ndiponso kuti kwa munthu kuli mankhwala. Amayi ankangoti, "Chabwino, adokotala," manja atawapinda pamiyendo mwaulemu. Koma ine ndinkawadziwa. Makutu awo anatsekera pa mawu oti achikasu.

Anandiyeza magazi, n'kupeza kuti nanenso ndili nazo. Anandipatsa mapiritsi omwa tsiku lililonse moyo wanga wonse. Dokotala anati ndikamamwa mosadumphitsa ndidzaona zidzukulu, ndipo mwana amene ndingadzabereke atha kutengera, athanso osatengera, mwayi wake ndi wofanana. Ndinamwa mapiritsi anga, ndinalira mlongo wanga, ndinabwerera ku makatani.

Kenako kunabwera wokonza mafiriji. Anali mnyamata wamfupi wansangala, wa shopu yoyang'anizana ndi yathu, amene ankangobwera kudzafunsa mitengo ya makatani pamene nyumba yake inali ndi windo limodzi. Atayamba kulankhula za banja ndinamuuziratu zonse, za abambo, za achimwene, za mapiritsi, kuti ngati n'kuthawa athawiretu. Anakanda m'mutu n'kuti, "Firiji iliyonse ili ndi vuto lake. Yoopsa ndi imene sunaitsegule kumbuyo." Ndinamutengera kwa amayi. Anamulandira bwino, anamuthirira tiyi, anamufunsa za kwawo, za abale ake amoyo ndi akufa, ndi mmene akufawo anafera. Iye ankayesa ndi macheza.

Mlendo atapita tinatsala awiri m'khitchini, amayi akupukuta makapu.

"Ndi munthu wabwino," anatero. "Ukwatiwe naye. Koma usabereke."

Ndinayesa sindinamve bwino.

"Mlongo wako watumbulidwa, ndipo taona. Ukudziwa chimene chimachitika ndi otsala."

"Amayi, ine si nkhuku."

"Sindinati ndiwe nkhuku."

"Nanga mukuti chiyani? Mundiike m'kireti?"

"Ndikuti bambo ako ndinawasankha ndekha ndi zala izi, ndipo ndaika m'manda anthu awiri. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Sindifuna udzaime pakhomo la khitchini mmene ndinaimira ine."

Akanakalipa bwenzi zili bwino, tikanakalipirana n'kutha. Koma ankalankhula modekha ngati akundiuza za mtengo wa sopo, ndipo zimenezo n'zimene zinandiopsa. Mtima unandikwera. Ndinawauza kuti moyo wanga wonse andiika kumanzere, ndipo amene ankamuika kumanja ndi amene takamusiya kumanda. Mawu amenewo sindinawabweze mpaka lero, chifukwa ndi oona.

"Kumanzere kwa chiyani?" anafunsa, ndipo nkhope yawo inaonetsa kuti sakudziwadi.

Ndinaloza pa tebulo. Kapu ya mlendo inali kumanja kwawo. Yanga inali kumanzere, payokha, pafupi ndi chitini cha zinyalala. Ndinawakumbutsa za bafa la pulasitiki, za mpando wa patebulo, za chithunzi. Anayang'ana makapu aja, kenako anayang'ana manja awo nthawi yaitali ngati ndi a munthu wina. Pomaliza anawalowetsa m'matumba a epuloni. Kuyambira tsiku limenelo amayi anayamba kuwaopa manja awo.

Ndinakwatiwa, ndipo sindinawamvere. Nditatenga pakati, dokotala anandisiyitsa kaye mapiritsi aja n'kumandiona pafupipafupi. Amayi atamva, m'mawa mwake anafika ndi chikwama pa nyumba yathu ya zipinda ziwiri, pamwamba pa shopu ya zitsulo, n'kuyamba kukolopa. Ankaphika, ankachapa, ankandiperekeza kusikelo. Koma tikakumana m'kanjira kopita kubafa, mimba yanga ikudutsa, ankadzipanikiza kukhoma manja ali kumbuyo.

Mwana anabadwa wamwamuna, wamtali, wowonda, makutu a achimwene enieni. Namwino atamubweretsa, amayi anasuzumira, anati, "Wafika bwino," n'kubwerera pa benchi kukakhalira manja awo. Ndikunena kukhalira kwenikweni, zikhato pansi pa ntchafu. Kunyumba matewera onse ankachapa ndi iwo, madzi osamba ankatenthetsa ndi iwo, tizovala ankasita mpaka timasokosi. Koma mwana osamukhudza. Mkazi wa mwini shopu ya pansi anafika pofunsa kuti, "Koma agogo ake, mdzukulu ameneyu analakwanji?" Amayi anati manja awo ndi ozizira. Bambo a mwana anayesa nthabwala, ati za zozizira asiyireni iwo ndi ntchito yawo, koma palibe anaseka.

Masana ena ndinadzuka pa mpando pamene ndinali nditasinza, n'kuwaona ataima pa kabedi ka mwana, atandifulatira. Anali atawerama pang'ono, akumuyang'ana akugona. Manja anali kumbuyo, lina litagwira linzake pamkono ngati wapolisi wagwira wakuba. Koma zala ziwiri zija za dzanja logwidwalo zinkatseguka n'kutsekeka, kutseguka n'kutsekeka, zikutsina mphepo. Ndinadziwa bwino lomwe kuti zala sizingamve za m'mitsempha. Zinalephera pa abambo, zinalephera pa achimwene, dokotala ananena ndipo ine ndinamva. Koma kudziwa ndi kwina, mantha ndi ena. Ndinali ndi mantha awiri, oti amayi sadzamunyamula mwana wanga mpaka kufa, ndi oti tsiku lina adzamunyamula.

Tsikulo linafika mwana atayamba kukhala pansi. Unali m'mawa, bambo ake atapita kuntchito. Ndinali nditangomusambitsa, ndamukulunga m'thaulo, akulira monga amachitira akatuluka m'madzi. Ndikulowa naye m'khitchini, mkaka unasefukira pa mbaula, ndipo kansalu kopukutira mbale kamene kanali pambali kanagwira moto. Sindinaganize. Ndinangomukankhira mwana m'manja mwa amayi, kukoka kansalu kaja, kukaponya m'sinki, kutsegula madzi. Utsi utachepa ndinazindikira kuti mwana wasiya kulira.

Ndinatembenuka. Thaulo linali pansi. Amayi anali ataima pakati pa khitchini, atayang'ana kukhomo, mwana atamupanira m'khwapa. Dzanja linali litatsika kale pansi pa mchombo. Maso anali kudenga. Mwana anangoti duu, akuwayang'ana kumaso osaphethira, ndipo m'nyumba monse munali zii, kupatula firiji imene inkalira pakona monga ankalirira mafani aja. Zala zinatsina kamodzi, zinasuntha pang'ono, zinatsinanso. Kenako zinaima.

Khitchini yathu ndi yopapatiza. Kumanja kwawo kunali khoma ndi firiji. Sinki inali kumanzere, ndipo ine ndinali pa sinki.

"Ndipatseni," ndinatero.

Manja anayamba kubwera kwa ine, n'kuima panjira. Amayi anatsitsa maso, anaona pamene ndaima, anaona mbali imene mwana akupita. Anamubwezera pachifuwa.

"Zungulira," anatero motsitsa mawu. "Bwera mbali ino."

"Sindizungulira."

"Mwanawe, chonde."

"Ndaima mbali ino kuyambira m'bafa la pulasitiki, amayi, ndipo ndikadali moyo. Mwana wanga mundipatsire pompano."

Kuzungulira kunali kosavuta, mapazi angapo basi, koma ndinadziwa kuti ndikasuntha lero ndidzakhala ndikuzungulira mpaka kalekale, ine ndi mwana wanga, kuthawa dzanja la amayi m'nyumba mwanga momwe. Iwonso sakanatha kumupereka kumanzere. Ndinaona mmene mikono yawo inkakanira, mitsempha itatuluka. Tinaima choncho, madzi akutuluka m'mpopi, fungo la nsalu yopserera lili thoo. Amayi anali atakalamba, ndipo mikono inayamba kugwedera ndi kulemera kwa mwana.

Kenako ndinamva patapata akukhwekhwereza pa simenti. Anasuntha phazi limodzi, kenako linzake, pang'onopang'ono monga amatembenukira munthu wosenza ndowa yodzaza. Anatembenuka thupi lonse, mwana ali pachifuwa, mpaka anafulatira chitseko n'kuyang'ana kuwindo. Ine sindinasunthe ngakhale pang'ono, koma tsopano ndinali kumanja kwawo. Anatambasula mikono n'kundipatsa mwana. Dzanja lamanja silinabwerere m'thumba la epuloni. Linandigwira pamkono, pamwamba pa chigongono pamene pali mnofu wanga wonse uja, ndipo silinatsine. Linangogwira.

Sindinafune kufunsa, koma pakamwa panga simupadziwa inu.

"Mwamva chiyani?"

"Palibe," anatero, akuyang'ana kuwindo. "Zala zakalamba izi. Sizimvanso kanthu."

M'mawa womwewo ndinali nditawaona akusankha tomato maso ali kudenga, osaphonya ndi mmodzi yemwe. Sindinawakumbutse, ndipo sindinafunsenso.

Kuyambira pamenepo ankamunyamula tsiku lililonse, kumubereka kumsana, kumudyetsa, kumugoneka. Koma akafuna kumupereka kwa munthu ankayamba ayang'ana pamene munthuyo waima, ndipo akakhala kumanzere ankatembenuka naye kaye. Mkazi wa mwini shopu ankati agogo ayamba kuvina ndi mdzukulu, ukalamba wawakomera. Mwana ankaseka kwambiri akamazunguliridwa choncho, ankayesa ndi masewera. Amayi anamwalira iye atayamba kulankhula, ndi chifuwa wamba cha okalamba, atagona chammbali pabedi pawo, ine nditakhala kumanja chifukwa anauza bambo a mwana kuti asunthe mpando.

Mnyamata wanga tsopano wayamba sukulu, wamtali kuposa anzake onse, ndipo amadya ngati amalume ake. Dokotala wati nthawi yakwana yoti timuyeze magazi, tipita mwezi wamawa. Akapezeka nazo pali mankhwala, ndikudziwa, ndimamwa ndekha m'mawa uliwonse. Komabe ndikamamusambitsa ndimagwiritsa ntchito chinkhupule, zala ndimazipinda. Agogo ake sawakumbuka, koma masewera aja anamutsalira. Chilichonse chimene akufuna kukupatsa, kapu, pensulo, thaulo, amayamba wazungulira kaye. Ine ndimangoima pomwe ndili, n'kumudikira amalize.